Kompyuta Imene Inkachira Ikandiona

Pa makina onse amene adutsa m'manja mwanga kuno ku Senga Bay, palibe amene anandisandutsa choseketsa ngati laputopu ya azakhali anga. Mpaka lero ndikaikumbuka ndimaseka ndekha, anthu n'kumandiyang'ana.

Kashopu kanga kali pafupi ndi pamene maminibasi ochokera ku Salima amatembenukira, khoma limodzi ndi bambo wina wometa tsitsi. Anthu amanditcha adokotala, ena mwaulemu, ena mwachipongwe, ndipo ine ndimayankha onse. Poyamba ankadabwa kuona mkazi akumasula makompyuta, koma anazolowera. Chida changa chachikulu ndi kafulashi kamene ndimavala m'khosi pa chingwe cha nsapato. M'menemo muli mapulogalamu ofunsa kompyuta pamene pakupweteka. Ina imayesa ramu, kuipatsa manambala n'kuiuza kuti iwabwereze, kuti tione ngati yayamba kuiwala. Ina imamvetsera hadi disiki, nkhokwe yosungiramo zinthu zonse, n'kundiuza ngati yakalamba. Koma imene ndimaikonda kwambiri ndi yojambula mzere wa kutentha kwa pulosesa, ubongo wa kompyuta. Mzerewo ukakhala wobiriwira, zonse zili bwino. Ukasanduka wachikasu ndimakhala tsonga. Ukafiira, makinawo amadzizimitsa okha kuti asapse.

Kunena zoona, mapulogalamuwa ndimawakhulupirira kuposa eni makina. Munthu amakuuza kuti sinagwepo, pakona pali pophwanyika. Amalumbira kuti sanathirepo kanthu, nyerere zikutuluka mu kiyibodi zitakhuta shuga wa tiyi.

Azakhali, mlongo wa bambo anga, ndi mayi wa usipa. Amagula kwa asodzi m'mawa, kuyanika pa matandala awo, n'kutumiza ku Lilongwe. Pakamwa pawo m'pakuthwa moti asodzi akawaona akubwera amayamba atsitsa mtengo asanapatsidwe n'komwe moni. Mwana wawo ndi mmodzi yekha, wamkazi, msuweni wanga amene tinakulira limodzi, ndipo anapita ku Joni ndi mwamuna wake. Maso a azakhali anayamba ng'ala, choncho pa foni nkhope ya mwana wawo ankangoiona mbuu. N'chifukwa chake msuweni wanga anawatumizira laputopu ya sikirini yaikulu, yogwirapo kale ntchito koma yolimba. Ine ndinawaphunzitsa podina, ndipo anagwira msanga kuposa aphunzitsi ena amene ndawaphunzitsapo.

Chaka chimenecho, mwera utayamba kuwomba, msuweni wanga anabereka mwana wake woyamba, wamwamuna. Iye ndi mwamuna wake anagwirizana kuti dzina atche ndi azakhali, tsiku limene mchombo udzagwe, mwana n'kutuluka m'chikuta. Azakhali anavina pamchenga atamva, koma anaika lamulo lawo.

"Sinditcha dzina mwana amene sindinamuone nkhope," anatero. "Dzina si malaya a pa kaunjika oti ungotola."

Zithunzi anazikana. Ankafuna amuone akuphethira, akuyasamula, akukwinya nkhope. Apa m'pamene laputopu ija inayamba zake. Msuweni wanga akaimba, amayi ndi mwana ankapatsana moni, kufunsana za thupi, za nyanja, za amene wamwalira ndi amene wakwatiwa, chifukwa azakhali sadumpha moni ngakhale nyumba ikupsa. Ndiye azakhali akati tandionetsa khandalo, msuweni wanga n'kudzuka kukamutenga, sikirini bii! Akaiyatsanso inkangolira n'kuzimanso.

Anabwera nayo kushopu ataisenza m'beseni la usipa.

"Adokotala, nayu wodwala wanu. Sukulu ija unkatinyadira nayo ioneke lero."

"Imatani, azakhali?"

"Imafa."

"Imafa bwanji?"

"Kufa kuli mitundu ingati, iwe?"

Ndinalowetsa kafulashi kanga ndi mtima wonyada, pakuti matenda otere ndimawadziwa. Ramu inakumbukira zonse zimene ndinaipatsa. Hadi disiki inali yathanzi. Batire inali yotopako pang'ono, koma osati yogwetsa munthu. Fani, kamphepo kamene kamaziziritsa m'kati, inkazungulira bwinobwino. Kenako ndinayatsa pulogalamu yolemetsa pulosesa dala, yoigwiritsa ntchito ngati wakabaza amene wanyamula matumba awiri pa chitunda. Mzere unakwera, unayandikira chikasu, n'kuima pomwepo osapitirira. Ndinaisiya ikugwira ntchito mpaka azakhali anatopa n'kukhala.

"Ilibe vuto, azakhali."

"Ndiye wodwala ndine?"

"Sindinatero."

"Nkhope yako yatero."

Anaisenza n'kumapita. Mawa lake, ndisanamalize n'komwe kusesa pakhomo, ndinaona beseni lija likubwera pamwamba pa mitu ya anthu. Wometa tsitsi uja, bambo wachisilamu wokonda nthabwala, anaimitsa makina ake pakati pa mutu wa munthu.

"Wallahi, adokotala, wodwala wanu uja wabweranso. Kapena timutumize kwa asing'anga?"

Ndinabwereza mayeso onse, n'kuwonjezera ena amene sindiwagwiritsa ntchito kawirikawiri. Zonse zinali zobiriwira. Laputopu ija inakhala patebulo panga phee, yaulemu, ngati mwana wopulupudza amene amasanduka mngelo alendo akabwera. Ndinakwiya nayo. Ndinaiuza mawu ena amene sindingawalembe pano.

Ndinaganiza kuti mwina vuto ndi magetsi a kunyumba, chifukwa azakhali amagwiritsa ntchito sola. Masana amenewo ndinapita nawo kwawo. Ndinayesa batire ya sola, ndinayesa chaja, zonse zili bwino. Ndinaika laputopu patebulo pakhonde, ine n'kukaima kumatandala n'kuwaimbira pa foni yanga kuti tione ngati kamera ndi imene ikuitopetsa. Tinacheza nthawi yaitali. Anandifunsa kuti ndikwatiwa liti, anandiuza anyamata atatu amene anawaganizira kale, anawachotsanso onse mmodzimmodzi. Laputopu sinaphethire n'komwe.

"Mukamalankhula ndi msuweni wanga mumaiika pati?" ndinafunsa nditabwerera pakhonde.

"Pabwino."

"Pamchenga?"

"Ndikuoneka wamisala?"

"Padzuwa?"

"Iwe, chinthu chimene mwana wanga anachivutikira kuchilendo ndingachiyanike padzuwa? Ndimachisamala kuposa mmene amayi ako ankakusamalira iweyo."

Ndinawauza kuti tsiku lotcha dzina ndiwabwereka laputopu yanga, kapena abwere kushopu. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Dzina la mdzukulu wawo silingatchulidwe pakati pa tsitsi la anthu ometedwa, anatero, ndipo mwana wawo amalankhulira mu iyi, osati m'makina a eni ake. Kudikira pamodzi nawo kuti msuweni wanga aimbe kunalinso kovuta. Ankaimba nthawi iliyonse imene khanda lamupatsa mpata, lero m'mawa, mawa masana, tsiku lina osaimba n'komwe.

Kenako msuweni wanga ananditumizira uthenga wa mawu. Anayamba ndi chipongwe chathu cha pachisuweni, akuti wamva kuti udokotala wanga ndi wa pa chikwangwani chokha. Koma kumapeto mawu ake anatsika. Mchombo wauma, anatero, ugwa tsiku lililonse, ndipo akuchimuna ali kale ndi dzina lawo m'thumba. Mwana sangakhale wopanda dzina podikira kompyuta. Amayi akachedwa, atcha ndi iwowo.

Nditawafotokozera azakhali, sanandilalatire. Anangokhala pansi n'kumatola timiyala mu usipa umene unali kale woyera.

"Kapena sikunalembedwe kuti ndimuone," anatero motsitsa.

Ndinachita mantha. Azakhali olalata ndinawazolowera kuyambira ndili wamng'ono, koma azakhali ofatsa ndinali ndisanawaonepo, ndipo sindinawakonde. Ndinatenga laputopu ija n'kuikamo kapulogalamu kena, kamene kamatumiza mzere wa kutentha ndi liwiro la fani pa foni yanga kulikonse kumene ndili, bola netiweki ilipo. Ndinawauza kuti ndaika kazitape.

"Ndiye uzimva zimene ndikukamba ndi mwana wanga?"

"Ayi, kamangondiuza ngati makinawa atentha."

"Chabwino. Chifukwa zambiri timakamba za iwe."

Mawa lake dzuwa litakwera, ndili pakati pomasula pulinta ya kuloji ina, foni yanga inalira. Laputopu ya azakhali yayaka. Mzere unali wobiriwira, ukuyenda chogona monga unkachitira kushopu. Ndinapitiriza ntchito diso limodzi lili pa foni. Mwadzidzidzi mzere uja unadzuka. Sunakwere pang'onopang'ono monga umachitira makina akalemedwa ndi ntchito, unangoima chilili. Fani nayo inali ikuthamanga liwiro lake lonse, koma kutentha osatsika. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, ndisaname. Kwa nthawi yoyamba wodwala wanga anali akudwala ine ndikuona.

"Bambo, mundionere shopu!" ndinakuwa kwa wometa uja.

"Thamangani, adokotala, Inshallah mukam'peza ali moyo!"

Ndinadumphira pa kabaza. Mwera unkatiwomba kumaso, wakabaza akupalasa ataimirira, ine kumbuyo dzanja limodzi pa chitsulo, lina lili ndi foni, ndikukuwa kuti chikasu, chikasu, fulumirani! Munthuyo sanafunse kuti chikasu n'chiyani. Titafika pamchenga wambiri njinga inatitimira, ndipo ndinatsika n'kuyamba kuthamanga, nsapato m'manja. Ndinadutsa pakati pa matandala, amayi oyanika usipa akundifunsa kuti kwagwanji. Pamene ndinkafika pakhomo mzere unali utafiira. Odi sindinanene. Ndinangokankha chitseko.

Azakhali anali pamphasa, atatambalala kukona kumene mphepo sifika. Pamiyendo pawo panali pilo. Pa pilopo panali laputopu, itakulungidwa m'chitenje kumbuyo, pansi ndi m'mbali monse, nsonga zake zitapisidwa bwinobwino, sikirini yokha ikuonekera ngati nkhope ya khanda. Ankaigwedeza pang'onopang'ono. Pa sikirinipo panali msuweni wanga atavala chipewa chaubweya ndi chijasi, akunena kuti kuzizira kwa ku Joni chaka chino kukulowa mpaka m'mafupa. Fani inkalira momvetsa chisoni pansi pa nsalu. Azakhali atamva kulirako anakoka chitenje n'kupisiranso mwamphamvu.

"Dikirani ndikamutenge, wadzuka," anatero msuweni wanga.

Sikirini bii!

Ndinaseka. Ndinayesa kudzigwira koma zinakanika. Ndinaseka mpaka ndinakhala pansi pakhomo pomwepo, mchenga uli m'mapazi, misozi ikutsika. Masiku onse aja ndikufunsa ramu, ndikufunsa hadi disiki, ndikukayikira sola ya anthu yosalakwa!

"Ukuseka chiyani? Ndipo ndani anakuphunzitsa kulowa m'nyumba za anthu ngati mbuzi?"

"Azakhali, pabwino paja ndi pamenepa?"

"Nanga pali pabwino poposa pamiyendo panga?"

"Nanga tsiku lija ndinakuimbirani ine, bwanji simunaifunditse?"

"Iwe unali pa matandala pomwepa, padzuwa. Unkazizidwa?"

Ndinasendera pafupi kuti ndiimasule, ndipo m'pamene ndinachiona bwino chitenjecho. Chinali chakale, maluwa ake atafwifwa, chofewa chifukwa chochapidwa kosawerengeka. Ndinachidziwa. Ndi chimene azakhali ankaberekera msuweni wanga. Inenso ndinagonapo m'menemo, nthawi imene amayi anga anadwala ndili wakhanda, ndipo nkhani imeneyo azakhali amandikumbutsa nthawi zonse akafuna kundituma. Ndinkaganiza kuti chinatha kalekale, osadziwa kuti chinali pansi pa sutikesi.

Anaona kuti ndachizindikira. Anayang'ana kumbali.

"Usandione ngati chitsiru," anatero. "Ndikudziwa kuti ichi n'chitsulo. Koma mwana wanga ali apa, akundiuza kuti akuzizidwa, wangobereka kumene, alibe womuwothetsa moto, alibe womuphikira phala. Chinthuchi nachonso chimayamba kupuma mobanika. Ndiye manja angawa atani? Angokhala?"

Kuseka kuja kunathera pomwepo. Ndinawamvera chisoni, ndiponso ndinawakonda kwambiri nthawi imeneyo, kuposa tsiku lina lililonse. Ndinakhala nawo pamphasapo. Kenako ndinatenga dzanja lawo n'kuligunditsa kunsi kwa laputopu. Analichotsa msanga.

"Mayo! Malungo!"

"Eya. Ndipo kulira kuja si kuzizidwa, ndi kupempha mpweya."

Ndinaitembenuza n'kuwaonetsa timabowo ta pansi tolowera mphepo ndi ta m'mbali totulutsira. Pilo inkatseka ta pansi, chitenje n'kutseka ta m'mbali. Ndinawaonetsanso mzere uja pa foni, mmene unaimira chilili nthawi imene anaifunditsa. Anauyang'anitsitsa atauyandikitsa kumaso, koma ndinaona kuti mitundu yangayo sikuwafika pamtima. Ndiye ndinaloza panja.

"Azakhali, usipa wauwisi mukauunjika pa pilo n'kuufunditsa chitenje, ungatani?"

"Ungaole, iwe. Usipa umafuna mphepo idutse pansi."

"Iyinso ndi choncho."

Anandimenya paphewa.

"Ndiye masiku onsewa bwanji osangonena kuti ndi usipa? Kulimbana ndi ramu, ramu, ngati ndi m'bale wathu!"

Tsiku lomwelo ndinatsegula laputopu ija n'kuchotsa ulusi wa chitenje umene unayamba kumata pa fani. Pamene ndinkamanga, azakhali anali panja ndi mpeni, bango ndi kachidutswa ka ukonde. Anapanga kathandala kakang'ono, kofika m'chikhatho kutalika kwake, kolimba bwino, n'kukaika patebulo. Laputopu inakhala pamwamba, mphepo ikudutsa pansi. Ndaonapo zoikapo malaputopu za m'masitolo a ku Lilongwe, zina zoyaka magetsi abuluu, koma palibe imene inandisangalatsa ngati kameneko.

Mchombo unagwa patangopita masiku ochepa. M'mawa wa tsikulo khonde la azakhali linadzaza ndi amayi a kumpingo ndi anzawo a kumatandala, ena mamba a nsomba adakali m'manja. Azakhali anavala duku latsopano. Ine ndinakhala kumapeto kwa khonde ndi foni yanga, maso pa mzere, ndikupemphera pemphero limene sindikudziwa ngati lili m'buku lililonse, loti Ambuye, chikhale chobiriwira.

Msuweni wanga anaimba. Moni anayenda mwa nthawi zonse, wautali, wosadumpha munthu. Ine thukuta lili kamukamu ngakhale kunali mwera. Chitenje chija chinali pamiyendo pa azakhali, ndipo ndinaona manja awo akuchipinda, kuchifunyulula, kuchipotokola. Msuweni wanga atangotchula za kuzizira, dzanja limodzi linanyamuka nacho kulunjika patebulo. Ndinatsokomola. Linabwerera.

"Dikirani ndikamutenge."

Khonde lonse linati zii. Pa sikirini panatsala khoma loyera ndi kalendala. Fani inkangonong'ona. Mzere unali wobiriwira, ukuyenda chogona.

Kenako nkhope inadzaza sikirini yonse. Kamunthu kofiirira, kokwinya pachipumi ngati kali ndi mlandu woti kaweruze. Kanayasamula. Azakhali anasendera mpaka mphuno yawo inatsala pang'ono kugunda galasi. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Anauza msuweni wanga kuti amutembenuze cha uku, kenako cha uko. Mwadzidzidzi anaphulika kuseka.

"Makutu! Taonani makutu, anthuni! A malemu bambo ako enieni, oima ngati zogwirira poto! Ndinkadziwa ine kuti munthu uja sangapite osasiya makutu ake!"

Anaseka akulira, amayi onse akukankhana kuti aone makutuwo. Atapukuta m'maso ndi chitenje chija anakhala mowongoka, anamuitana mwanayo kuti bambo, n'kutchula dzina. Sindililemba pano, ndi lake. Nthungululu zinamveka mpaka kunyanja, ndipo kuchokera ku Joni tinamva mwamuna wa msuweni wanga akulibwereza dzinalo mokondwa. Anacheza mpaka mwana anayamwa, anagona, anadzukanso. Laputopu sinazime. Ine ndinavina ndi foni m'manja, ndikuonetsa aliyense mzere wobiriwira, ngakhale panalibe amene ankasamala.

Kathandala kaja kadakalipo, ndipo anthu angapo amene makina awo amatentha ndawatumiza kwa azakhali kuti akawapangire kawo. Wometa uja mpaka lero akaona munthu akubwera ndi laputopu amamufunsa ngati amaifunditsa. Inenso mafunso anga anawonjezereka. Ndikamaliza kufunsa ramu ndi hadi disiki, ndimafunsa mwini wake kuti andionetse mmene amakhalira nayo.

Chitenje chija azakhali anachichapa, kuchisita, n'kuchipereka kwa mayi wina wa m'mudzi mwathu amene ankakwera basi ya ku Joni. Anamupatsanso kaphukusi ka usipa, n'kumulangiza katatu kuti ziwirizi zisagonere chikwama chimodzi.

Patapita milungu ingapo ndinali kwawo msuweni wanga ataimba. Sanayambe ndi moni. Anangoimirira patali ndi kamera n'kutembenuka. Kumsana kwake kunali mwana uja ali m'tulo, atamangidwa m'chitenje cha maluwa ofwifwa, timakutu tija titatulukira pamwamba.

Azakhali anaika manja onse awiri pachifuwa. Kwa nthawi yoyamba chiyambireni nkhani yonseyi, manjawo anakhala malo amodzi.

"Amayi," anatero msuweni wanga akundiyang'ana ine mwachipongwe, "tafunsani adokotalawo. Ameneyu sazima?"

"Asiye adokotala," anatero azakhali. "Kokera m'mwamba nsaluyo, khosi lili pamtunda. M'funditse ndithu, usaope. Ameneyo alibe fani."